Mapasa anga ofanana sakufanananso

FUNSO

Anamwino, ndili ndi mapasa aakazi azaka 9. Nditachira, azamba anandiuza kuti nsengwa inali imodzi, choncho ndi mapasa ofanana. Koma wina anabadwa ndi makilogalamu 2.6, mnzake 1.9, ndipo mpaka lero wachiwiriyu ndi wamfupi, amadya ndi dzanja lamanzere, chaka chatha anamupatsanso magalasi. Apongozi anga ayamba kulankhula mokuluwika kuti mmodzi yekha ndiye "wakwathu". Kodi azamba aja analakwitsa?

Mayi wa mapasa, Ntcheu

YANKHO

Mayi, mtima ukhale m'malo. Pa zaka zanga za uzamba sindinalandirepo mapasa amene sikelo inawapatsa nambala imodzi.

Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi lomwe lakumana ndi mbewu imodzi ya abambo, kenako n'kugawika pawiri. Likagawika m'masiku 3 oyambirira, aliyense amakhala ndi nsengwa yake. Likagawika pakati pa tsiku la 4 ndi la 8, amadyera nsengwa imodzi, ndipo ambiri amakhala otero. Apa ndi pamene pagona nkhani ya kulemera kwa ana anu. Nsengwa sagawana ngati nsima ya alendo ayi. Mchombo wa wina umamera pakati penipeni, wa mnzake n'kukamera m'mphepete pomwe magazi amafika ochepa. Nthawi zina mitsempha yawo imalumikizana, magazi a wina n'kumathawira kwa mnzake. Wam'mphepeteyo amabadwa wochepa, ndipo ena sampeza mnzawo msinkhu mpaka kukula.

Tsopano za majini. Sindikunena majini ovutitsa anthu usiku aja, koma malangizo achibadwa olembedwa mu DNA. Selo la munthu limasunga malangizowa m'timitolo 46 totchedwa ma chromosome, 23 tochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Ife kusukulu ya unamwino anatiphunzitsa kuti a mapasa ofanana ndi amodzimodzi ndendende. Zinapezeka kuti anawonjezako pang'ono. Selo likamagawika limakopera zilembo za DNA pafupifupi 6 biliyoni, ndipo wokopera notsi zochuluka choncho salephera kuphonya penapake. Mu 2021 akatswiri a kampani yofufuza za majini ya deCODE ku Iceland atayeza mapeya 381 a mapasa ofanana, anapeza kuti peya iliyonse, tikatengera pakatikati, imasiyana m'malo pafupifupi 5 omwe anasintha mimba ikungoyamba. Mapeya 15 pa 100 aliwonse anali ndi kusiyana kochulukirapo.

Mwa apo ndi apo chimasiyana ndi chimtolo chathunthu. Mu 2014 ofufuza a ku Geneva analemba za mapasa ochokera ku dzira limodzi, wina ali ndi ma chromosome 47 ndi Down syndrome (vuto lobadwa nalo lochedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru), mnzake 46 wopanda vutolo. Bambo mmodzi, mayi mmodzi, dzira limodzi.

Chomwe ine chimandisangalatsa kwambiri ndi china. Ngakhale zilembo zikhale zofanana, thupi siliwerenga zonse nthawi imodzi: majini ena limayatsa, ena limazimitsa, malinga ndi zakudya, matenda, utsi wa fodya ndi zina zomwe munthu wadutsamo. Gulu la Manel Esteller ku Spain linaonetsa mu 2005 kuti mapasa azaka 3 amakhala ofanana kwambiri pa kayatsidwe kameneka, pomwe azaka 50 amakhala atatalikirana, makamaka amene anakulira kosiyana. Ndiye anu azisiyanabe, musadabwe. Zidindo za zala ndiye zinasiyana kale ali m'mimba. Akadzafika zaka 16 n'kukalembetsa chiphaso cha unzika, makina adzawasiyanitsa ngakhale aphunzitsi awo amawasokoneza. Zamanzerezo musazivutikire n'komwe, zimachitika kawirikawiri kwa mapasa ofanana, ndipo musamukakamize kusintha dzanja.

Kodi azamba angalakwitse? Inde, nsengwa ziwiri zimatha kumatirirana n'kuoneka ngati imodzi. Zikanakhala choncho, ana anu akanakhala a mazira awiri, ndipo oterowo amasiyana monga amasiyanirana ana a bere limodzi obadwa zaka zosiyana. Kaya dzira linali limodzi kaya awiri, msinkhu, dzanja ndi magalasi sizinena kanthu za bambo. Mawu a apongoziwo asawayankhe ndinu. Apatseni amuna anu tsambali awerenge, akalankhule ndi mayi awo okha, chifukwa mwana wazaka 9 amamva zokuluwika kuposa momwe akuluakulu timaganizira.

Chondidetsa nkhawa ine ndi wamtaliyo. Vuto losaona patali limayenda kwambiri m'magazi, ndipo mwana amene aliyense amamuyesa wamphamvu sadandaula msanga. Mufunseni ngati amaona bwino pa bolodi akakhala kumbuyo, ndipo tsiku lokayezetsa magalasi a mnzake mupite nawo onse awiri.