Funsani Amalume a Mawaya: Ma tweeter a kwaya akungopsa

Amalume, ine ndimayang'anira zoimbira za kwaya ya tchalitchi chathu ku Matero. Tili ndi mabokosi awiri okhomedwa ndi kalipentala, lililonse lili ndi woofer (sipika yaikulu ya mawu apansi) ya mainchesi 15 ndi tweeter (sipika yaing'ono ya mawu apamwamba), ndipo ampulifaya ndi imodzi basi. Chaka chino chokha tagula ma tweeter kanayi. Kuwotcherera mawaya ndimakudziwa pang'ono. Mnzanga akuti ndipange active crossover ndi ampulifaya yachiwiri. Zingathandizedi, kapena ndingowononga ndalama za chopereka?

Mphwanu wa ku Matero

Mphwanga, mnzakoyo wanena zoona. Koma usanagule kalikonse, umve kaye chimene chikukupherani ma tweeter.

Lamlungu tchalitchi chikadzaza mumakweza voliyumu. Wa bezi akagunda chingwe chachikulu, ampulifaya imafuna mphamvu yoposa imene thiransifoma yake ingapereke, ndiye nsonga za mafunde a mawu zimadukaduka. Khutu limamva mawu akung'ambika. Tweeter imamva moto, chifukwa phokoso lakuthwalo limadutsa pa kapasita ya m'bokosi n'kukathera pa koyilo yake. Tsegula imodzi mwa zakupsazo uone: waya wake ndi woonda ngati tsitsi, wada bii, ukununkha vanishi wowauka. Ine zotere ndili nazo zodzaza chitini cha mkaka kushopu kwanga ku Chawama, ndipo zambiri n'zochokera m'makwaya. Zimandiwawa, poti ndimadziwa momwe amayi a chigwirizano amavutikira kusonkha ndalamazo.

Active crossover imagawa mawu asanalowe mu ampulifaya, akadali ofooka. Kuchoka pa mixer, mawu apansi amapita ku ampulifaya yanu yakaleyo n'kukagunda ma woofer okha, pomwe apamwamba amapita ku ampulifaya yaing'ono ya ma tweeter. Bezi ikang'ambika, ing'ambikira kwawo komweko.

Mtundu umene ndimaukhulupirira ndi Linkwitz-Riley, wotchedwa mayina a Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley, mainjiniya a ku Hewlett-Packard, umene unadziwika m'chaka cha 1976. Umadula mawu ndi 24 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) pa octave iliyonse. Pamalo pomwe woofer ikusiyira tweeter, iliyonse imakhala itatsika ndi 6 dB, ndipo ziwirizo zikaphatikizana mawu satumpha kapena kuphwa. Mawu a amayi oimba soprano amadutsa pomwepo, n'chifukwa chake ndimaumirira mtunduwu.

Zipangizo zake sizodula. Pa bokosi lililonse pafunika ma TL072 awiri ogawa mawu (ndi tima IC tokuza mawu totchedwa op-amp), ndi op-amp ina yolandirira mawu ochokera ku mixer. NE5532 imagwiranso bwino m'malo mwa TL072. Magetsi ake ndi 15 V mbali ziwiri, ya positive ndi ya negative, kudzera pa tizipangizo towongolera magetsi ta 7815 ndi 7915. Ukaika marezisita a 10k ndi makapasita a 4.7 nF, mawu agawikana cha pa 2,400 Hz. Makapasita a 6.8 nF akutsitsira cha pa 1,650 Hz, zimene woofer yaikulu ngati yanuyo imakondwera nazo, koma utsike chotero pokhapokha ngati tweeter ili ya honi (ya kukamwa kotambasuka ngati lipenga) ndipo pepala la malangizo ake likulola. Pomwe pulani ya Linkwitz-Riley imene ukutsatira ikufuna rezisita yowirikiza kawiri, lumikiza ziwiri za 10k motsatana. Pomwe ikufuna kapasita yowirikiza, ika ziwiri pambalipambali. Yeza chilichonse ndi mita usanawotcherere, chifukwa zogula pathebulo m'tauni sizikhala nthawi zonse monga zalembedwera.

Ampulifaya ya ma tweeter usaifunire ukulu. IC yokuza mawu ya LM3886 imodzi pa bokosi ndi yokwana: imatulutsa 68 W mu sipika ya 4 ohm ikapatsidwa 28 V mbali ziwiri. Thiransifoma ya 20-0-20 ndi makapasita awiri a 10,000 µF zikupatsa magetsi amenewo. Usamale pogula, poti zabodza zachuluka. Ukaona zilembo zikufufutika ndi chala chonyowa, isiye.

Apa tchera khutu. LM3886 ilipo ya mitundu iwiri. Ya TF msana wake ndi wokutidwa ndi pulasitiki. Ya T msana wake ndi chitsulo, ndipo chitsulocho n'cholumikizana ndi magetsi a negative. Ine nditangoyamba ntchitoyi ndinamanga ya T pa heatsink (chitsulo choziziritsira) yokhudza bokosi lachitsulo, osaika mica yotchinga magetsi pakati. Nditayatsa, kunangomveka phu! Fyuzi inapsa, njira za pa bolodi zinasungunuka, ndipo mwini wake anali ataima pakhomo kudikira kuti akaimbire paukwati madzulo omwewo. Kuyambira tsiku limenelo sindiyatsa chinthu chatsopano popanda babu. Tenga babu lakale lija la waya mkati, la 60 W, ulilumikize motsatana pa waya wamoto wopita ku thiransifoma. Likawala kamodzi n'kuzirala, zinthu zili bwino. Likapitiriza kuwala, zimitsa msanga, penapake pagundana. La LED siligwira ntchito imeneyi.

Ukatero, yeza potulukira mawu usanalumikize sipika. DC ikhale pansi pa 100 mV.

Tsopano za kwathu kuno. Malaiti amapita n'kubwera osagogoda, ndipo akabwera zonse zili zoyatsa, crossover imatulutsa kugunda kumene woofer imapirira koma tweeter ayi. Pochotsa crossover yakale m'bokosi la sipika, yokhala ndi kapasita ija, usasiye tweeter yamaliseche. Ika kapasita ya 33 µF yopanda mbali ya positive ndi negative motsatana nayo. Pa tweeter ya 8 ohm imayamba kudula cha pa 600 Hz, kutali ndi pogawira mawu, choncho nyimbo siisokoneza. Uphunzitsenso anyamata a kwaya kuti ampulifaya imayatsidwa pomaliza, n'kuzimitsidwa poyamba, makamaka mukamasamukira ku jenereta.

Ukamva kung'ung'udza kwa 50 Hz, kawirikawiri vuto ndi mawaya a ground omwazikana. Onse akumane pamalo amodzi, pakati pa makapasita akuluakulu aja, ndipo thiransifoma ikhale kutali ndi bolodi la crossover.

Mbali ya 230 V ndiyo sindifuna uigwire wekha koyamba. Bokosi lachitsulo lilumikizidwe ku earth, fyuzi ikhalepo, ndipo makapasita aja amasunga moto ngakhale utazula pulagi. Yamba ndi bolodi la crossover lokha. Likatha, undilemberenso undiuze zimene mita yawerenga pa mwendo 4 ndi mwendo 8 wa TL072 iliyonse, tipitirire pamenepo.

Amalume a Mawaya