Mafunso Anu: Kupemphera Pawekha ndi Buku la Nyimbo

FUNSO: Kutchalitchi tikamayimba nyimbo za m'buku mtima wanga umadzaza, koma ndikagwada ndekha kunyumba mawu amandithera msanga. Ndichite chiyani? Mayi wa ku Kawale.

YANKHO: Amayi, mawu akakutherani bwerekani a m'nyimbo. Masalimo 150 a m'Baibulo ndi mapemphero amene anthu ankayimba, choncho njira imeneyi si yachilendo.

Patulani mphindi 15 pa nthawi yomweyo tsiku lililonse. Mbandakucha ndi wabwino, ana asanadzuke, monga anachitira Ambuye Yesu pa Marko 1:35. Sankhani nyimbo imodzi m'buku la Nyimbo za Mulungu kapena m'buku la mpingo wanu, muyende nayo sabata yonse, ndime imodzi patsiku. Musafulumire kuyimba. Iwerengeni kaye kawiri monong'ona, chifukwa nyimbo imene munaloweza ku Sande sukulu pakamwa pamayimba pokha, maganizo ali kale ku msika wa Tsoka. Kuwerenga kumakuchedwetsani mpaka mumve zimene mukunena. Mukatero iyimbeni kamodzi motsitsa mawu.

Mzere umene wakugwirani mtima muusandutse nkhani yanu. Nyimbo ikati Mulungu ndiye pothawirapo, muuzeni chimene chikukuthamangitsani lero: lendi, fizi, mwana amene wagona ndi malungo. Tchulani maina. Mphindi 3 zomaliza mukhale chete, monga akunenera Salimo 46:10. Ambiri amadzukira pamenepa poona ngati palibe chikuchitika, komatu m'pamene mawu aja amakhazikika. Maganizo akathawa, bwerezani mzere uja kamodzi, basi.

Chimene chimasokoneza ambiri n'kuyimba nyimbo 5 zotsatizana kenako "Amen". Mtima umasangalala ndithu, koma simunamuuze Mulungu kanthu kanu. Pa 1 Akorinto 14:15 Paulo akufuna kuyimba ndi mzimu, komanso ndi nzeru.

FUNSO: Tilipo anthu 6 m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mateyu 6:6 akuti ndilowe m'chipinda nditseke chitseko. Nanga ine ndilowe kuti? Mnyamata wa ku Mtandire.

YANKHO: Achimwene, werengani vesi 5 poyamba. Yesu ankadzudzula anthu opemphera m'mphambano kuti awonedwe, sankalamula kukula kwa nyumba. Hana anapemphera mumtima milomo yokha ikugwedera (1 Samueli 1:13), ndipo Paulo ndi Sila anayimba pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi akaidi anzawo akumva (Machitidwe 16:25).

Koperani ndime ya nyimbo ya tsikulo pakapepala, muike m'thumba. Khalani pakhonde kapena kuseri kwa nyumba ena asanadzuke. Ulendo wapansi wopita pasiteji ndi wabwinonso, chifukwa mapazi amagwirizana ndi kayimbidwe. Mu minibasi musadalire, kondakitala akudulani pakati. Ngati nyimboyo ili mufoni, zimitsani data, kupanda kutero uthenga umodzi wa pa WhatsApp utenga nthawi yonse.

FUNSO: Pali nyimbo imene tinayimba pa maliro a mayi anga. Ndikangoiyamba ndimalira mpaka kulephera kupemphera. Ndiisiye? Bambo wa ku Area 25.

YANKHO: Pepani bambo. Musaisiye, ndipo musaganize kuti mwalephera kupemphera. Pa Salimo 56:8 wolemba akupempha Mulungu asunge misozi yake m'nsupa. Kawirikawiri chimene chimakubwezani kumanda ndi kayimbidwe, osati mawu, ndiye kwa masabata angapo muziiwerenga osayimba, masana osati usiku, kuyambira ndime imene ikunena za chiyembekezo. Mukalira, muuzeni Mulungu za mayi anuwo mowatchula. Koma chisoni chikafika pokulandani tulo ndi chakudya kwa masabata, kaonaneni ndi abusa kapena mkulu wa mpingo wa m'dera lanu, ndipo mukafikenso kuchipatala.