Perovskite ya m'masola sakumba kunyanja, mwanawe

Wandilembera mnyamata wa ku Salima, MSCE wakhoza bwino Chemistry ndi Physics. Akuti waona pa TikTok kuti perovskite ndiye tsogolo la sola, ndiye akufuna kosi ya za migodi poti mchenga wakuda wa kunyanja uli ndi titanium, koma bambo ake akuti unamwino basi, apo ayi fizi salipira. Zotsatira zikangotuluka makalata otere amachuluka.

Mwanawe, usanataye zaka zako tamvera. Perovskite weniweni ndi mwala wa calcium, titanium ndi oxygen, anaupeza Gustav Rose mu 1839 kumapiri a Ural ku Russia. Koma mwalawo sauyika m'masola ayi. Zomwe amayika ndi mankhwala opanga mu labu, ambiri okhala ndi lead ndi iodine, angofanana ndi mwalawo momwe maatomu ake anakhalira, dzinalo n'kutengera pomwepo. Ngakhale utakokolola mchenga wonse wa ku Chipoka, sola sutulutsa.

Chidwi chakocho sindikuchinyoza. Mu 2009 masola a perovskite a gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan ankangosandutsa 3.8% ya mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi, pano zadutsa 25%. Chomwe chikuvuta n'choti chinyezi ndi kutentha zimawononga mankhwalawa msanga pomwe silicon ya m'masola wamba imapirira zaka 25, tangoganiza dzuwa la Salima mu Okutobala. Odzathetsa vutoli ndi a Chemistry ndi Physics, ndipo kunena zoona kafukufukuyu ali kunja, ufunika digiri yabwino kenako masitazi ya sikolashipu, ochepa ndi amene amafikako.

Ine ndikanayika Renewable Energy ya ku Mzuni pamwamba pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite, kenako sayansi ku UNIMA. Ya Mzuni ndimaikonda chifukwa zakunja zikakanika sukhala manja lende, masola a silicon ali pakhomo pompano, a mamegawati 60 ku Nanjoka, ku Salima konko, akhala akupereka magetsi kuyambira 2021, Nkhotakota ilinso ndi ake, osanena mapampu a m'madimba omwe akawonongeka wokonza amasowa. Akakusiya ku yunivesite, za magetsi ku Salima Technical College si manyazi.

Inu bambo, unamwino ndi ntchito yabwino koma si mankhwala a mwana aliyense, ndipo kuopseza ndi fizi kumeneko lekani. Mwana wokakamizidwa amakawida chaka choyamba, ndalama n'kupita pachabe.

Iweyo chepetsa TikTok, limbikira masamu, chaka choyamba ku yunivesite amagwetsa ambiri ndi omwewo.