Ulendo wa maola 7 pamwamba pa Atlantic: munthu amachitanji pampando?

Wowerenga wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti wazolowera kuulutsa Airbus A320 maulendo a ola limodzi mu Microsoft Flight Simulator, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera kuulutsa ndege, ndipo posachedwapa anayesa kuchoka ku London kupita ku New York pa Boeing 787. Atakwera m'mwamba n'kuyatsa autopilot, makina oyendetsa ndege yokha, anasowa chochita. Ndiye akufunsa kuti: kodi anzathu amakhaladi pampando maola onsewo? Nanga kuthamangitsa nthawi mu simulator kuti ulendo uthe msanga si kubera?

Achimwene, si kubera ayi. Ngakhale oyendetsa ndege enieni sakhala pampando ulendo wonse ukakhala wautali kwambiri. Amakwera atatu kapena anayi n'kumalandizana, ndipo ndege zambiri za mtundu wa 777 ndi A350 zili ndi kachipinda ka mabedi komwe ena amakagona anzawo ali pantchito. Inu muli nokhanokha pa kompyuta, mudziimbirenji mlandu?

Koma mawu anu oti munasowa chochita ndi amene ndikufuna tikhalepo. Ndikuganiza kuti munanyamuka opanda pepala la ulendo. Popanda pepalalo palibe choti muyerekezere ndi zimene ndege ikuchita, ndiye mumangoyang'ana mitambo mpaka tulo.

Pepalali mumalipeza pa webusaiti ya SimBrief, ndipo n'laulere. Mumalemba bwalo lonyamukira, bwalo lofikira ndi mtundu wa ndege, iyo n'kukupatsani njira, kulemera kwa ndege, mafuta ofunika, mabwalo othawirako, komanso nthawi ndi mafuta amene muyenera kukhala nawo pa waypoint iliyonse, kutanthauza malo odziwika pa njira amene ndege imadutsapo. Pa A320 ya ola limodzi mukhoza kungodzaza matanki n'kunyamuka, palibe chingakuvuteni kwenikweni. Pa ndege yaikulu zimenezo sizitheka. Tengani Boeing 777-300ER. Imaloledwa kunyamuka ikulemera matani pafupifupi 351, koma potera isapitirire matani 251. Matanki ake amalowa mafuta okwana matani 145 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo pa ola imamwa matani 7 kapena 8. Mukaidzaza mpaka pakamwa, anthu ali thothotho m'mipando, ulendo wake uli wa London mpaka New York basi, mukafika mukulemera kwambiri kuposa mlingo wotera nawo. Ndiponso mafuta owonjezerawo ndi katundu amene amafuna mafuta ena kuti anyamulidwe, monga munthu wa ulendo wapansi amene wasenza madzi ochuluka, mtolo womwewo n'kumamuyambitsa ludzu.

Kenako yang'anani njira imene mwapatsidwa. Pa mapu ophwatalala imaoneka yokhota, yopita kumpoto ngati yasochera, koma pa dziko lobulungira imeneyo ndiyo yachidule. N'chifukwa chake ndege ya London kupita ku Los Angeles imadutsa cha ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada. Pakati pa Ulaya ndi America pali misewu ya m'mlengalenga yotchedwa North Atlantic Tracks, imene imakonzedwa mwatsopano kawiri pa tsiku potengera mphepo. Masana ndege zambiri zimalowera kumadzulo, usiku zimabwerera kum'mawa. Mbali ya kum'mawa kwa nyanja imayang'aniridwa ndi olondolera ndege a Shanwick, ya kumadzulo ndi a Gander, ndipo malire awo ali pa madigiri 30 kumadzulo. Kumeneko ma waypoint alibe mayina, ndi manambala chabe, monga 54N030W.

Mphepo imeneyi musaiderere. Jet stream, mphepo yamphamvu ya m'mwamba kwambiri, imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, moti ulendo wochoka ku New York kupita ku London umafupika ndi ola lathunthu kapena kuposa poyerekeza ndi wobwerera. Mu February 2020, nthawi ya mkuntho wotchedwa Ciara, Boeing 747 ya British Airways inauluka ulendowu maola 4 ndi mphindi 56 zokha. Choncho yatsani nyengo yeniyeni mu simulator yanu, ndipo mulowetse mphepo za pa pepala mu FMC, kompyuta ya ndege yosunga njira. Mukapanda kutero, kompyuta ya ndege imawerengera mafuta ngati kunja kuli bata, ndipo nambala imene ikukulonjezani kuti mukafika nayo imakhala yabodza.

Tsopano muli m'mwamba, nyanja ili pansi. Ma waypoint a pa Atlantic amatalikirana madigiri 10, ndiye kuti mphindi 45 kapena kuyandikira apo. Ikani pepala lija pambali pa keyboard, pensulo m'manja. Ndege ikadutsa 40W, ndiye kuti madigiri 40 kumadzulo, lembani nthawi, werengani mafuta otsala, muyerekeze ndi zimene pepala likunena. Tinene kuti pepala likuti pakhale matani 38.4 koma inu muli ndi 37.9. Theka la tani si lodetsa nkhawa. Koma mukafika pa 50W n'kupeza kuti kusiyanako kwafika tani imodzi ndi theka, pamenepo funsani chimene chikudya mafuta. Mwina mphepo yakula kuposa mmene amayembekezera. Mwina mwakhalitsa m'munsi.

Za kukhalitsa m'munsizi anthu ambiri amaziphonya. Ndege ikamanyamuka imakhala yolemera, siingakwere kufika pamwamba pomwe injini zimamwa pang'ono. Imayamba mwina pa mafiti 31,000 kapena 33,000. Mafuta akamapsa imapepuka, ndipo malo oyenera kuulukapo amakwera, ndiye mumaikweza pang'onopang'ono, 35,000, kenako 37,000. Imeneyo ndiyo step climb. Tsamba la VNAV mu FMC, loona za kukwera ndi kutsika, limakuuzani pamene nthawi yakwana. Mukaisiya ndege pamalo amodzi ulendo wonse chifukwa munali mtulo, idzafika ndithu, koma itawononga mafuta amene pepala silinawerengere.

Funso lina loti muzidzifunsa pa waypoint iliyonse ndi ili: injini imodzi itazima pompano, ndithawira kuti? Kwa ine apa ndi pamene pali kukoma konse kwa maulendo ataliwa. Ndege ya injini ziwiri siiloledwa kutalikirana ndi bwalo lothawirako kuposa mphindi zimene inavomerezedwa, ndipo malamulo amenewa amatchedwa ETOPS. Boeing 777 inayamba ntchito mu 1995 ili kale ndi chilolezo cha mphindi 180, pamene A350 inapatsidwa mphindi zofika 370 mu 2014. Pa Atlantic mabwalo amene muziwaloweza ndi Shannon, Keflavik, Goose Bay, Gander, ndi Lajes ku zilumba za Azores ngati njira yanu yatsikira kummwera. Pepala limasonyeza malo amene kubwerera ndi kupitirira zimatenga nthawi yofanana. Musanafike pamenepo, bwalo lanu lili kumbuyo. Mukadutsa, lili kutsogolo. Onaninso nyengo ya mabwalowo, poti bwalo lokutidwa ndi chifunga silingakupulumutseni. Ndipo tsiku lina muzimitse dala injini cha pa 30W, muone mmene ndege imatsikira pang'onopang'ono kufuna malo amene injini imodzi ingakwanitse. Palibe amene afe.

Ngati ndege yanu imasonyeza kuzizira kwa mafuta, ponyaniponso diso. Mafuta a ndege a mtundu wa Jet A-1 amayamba kuundana pa madigiri 47 pansi pa ziro, pamene Jet A, yomwe amathira ku America, imayamba pa 40.

Tibwerere ku kuthamangitsa nthawi. Ine ndimati thamangitsani pakati pa waypoint ndi inzake, kawiri kapena kanayi, osapitirira apo. Mukaonjeza, autopilot ya ndege zambiri imayamba kuyendetsa ndege mopepesuka, mphuno kukwera ndi kutsika, mpaka ina imadzizimitsa. Bwererani pa liwiro lenileni musanafike pokhota, pokweza ndege, ndi poti mulembe mafuta. Mukatero ulendo wa maola 7 umatha madzulo amodzi, ntchito yonse mutaigwira. Ena amakonda kuisiya ndege usiku wonse pa liwiro lenileni n'kudzuka m'mawa kudzatera. Nazonso n'zabwino, bola muletse kompyuta kugona kapena kudziyambitsanso yokha, ndipo mutchere kuti simulator iime ikafika poyambira kutsika, ngati ndege yanu ili ndi zimenezo.

Mukalowa pa intaneti zinthu zimasintha. Pa VATSIM, netiweki ya ouluka pa simulator yomwe inayamba mu 2001, olondolera ndege ndi anthu enieni. Malamulo awo salola kusiya ndege yopanda munthu kuposa mphindi 30, ndipo kumene kuli wolondolera simuthamangitsa nthawi asanakuloleni. Mukafuna kugona, tulukani kaye pa netiweki.

Potsika ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna, chifukwa mutu umakhala utazizira. Bwererani pampando patatsala mphindi 40 kuti muyambe kutsika, mumve nyengo ya bwalo, musankhe njira yokatera nayo ndi kukonza approach, kafikidwe ka pa bwalo, mudakali phee. Werengerani mamayilosi 3 pa mafiti 1,000 alionse. Kuchokera pa 37,000 ndiye kuti mamayilosi pafupifupi 110, n'kuwonjezera ena ochepetsera liwiro. Ndege ya 787 imadula mphepo mosavuta, siichepetsa liwiro msanga ngati A320 yanu ija, ndipo mukachedwa kutsika mudzadutsa pamwamba pa bwalo mukuliona pansi.

Ulendo wotsatira yesani kuchoka ku Boston kupita ku Dublin. Ndi wa maola pafupifupi 6, mphepo ili kumbuyo kwanu, ndipo muli zonse ndatchulazi: track, step climb ndi mabwalo othawirako. Wa Singapore kupita ku New York pa A350-900ULR, wa makilomita opitirira 15,000 ndi maola 18, muusiye kaye mpaka mafuta anu atayamba kugwirizana ndi pepala.