Achemwali, dipoziti imeneyo musatumize kaye

Achemwali, imani kaye. Ndangoona mawu oti Lamlungu ndi oti nsomba ndi yotsimikizika pa chithunzi mwaikacho, cha mkulu amene akufuna dipoziti kuti akawaperekeze bambo akunyumba kokawedza nsomba ya salmon, mtima wachita kuti phaa. Kuno ku Scotland kuwedza salmon Lamlungu ndi mlandu. Si lamulo la mwini mtsinje ayi, ndi la boma, ndipo munthu aliyense wodziwa ntchitoyi sangawalembere bambo akunyumbawo tsiku limenelo, ngakhale atamuuza kuti ndi mphatso ya birthday.

Ife zinationekera pa mtsinje wa Tay, kumtunda kwa Perth. Tinali ine, alamu anga ndi mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu. Ma shift a ku care home nonse mukuwadziwa, tsiku lopezeka tonse linali Lamlungu basi. Mkulu amene tinamupeza pa Facebook anati palibe vuto, malowo ndi a mnzake, ndi a private, malamulo safikako. Pakamwa pokoma, zithunzi za nsomba mbwee pa peji yake. Anatitenga pa siteshoni ya sitima m'mamawa, n'kutipatsa ndodo za mbedza ndi ma waders, zija zovala za mphira zofika pachifuwa. Nsapato zathu, majekete, zikwama ndi chakudya anati zitsale m'buti ya galimoto.

Dzuwa litakwera pang'ono ndinali m'madzi mpaka m'chiuno, miyendo itachita dzanzi ndi kuzizira, ndikulimbana ndi kaponyedwe kaja amati Spey cast. Kunatsetsereka azibambo awiri kuchokera kumtunda. Anatipatsa moni bwinobwino, n'kutulutsa ziphaso. Ma water bailiff, olondera mitsinje oonetsetsa kuti malamulo a usodzi akutsatidwa. Anafunsa kuti chilolezo chili kuti, nanga tikudziwa kuti lero ndi lachingati? Mkulu uja anaseka, akuti pepala lili m'galimoto, adikire pang'ono akalitenge. Anakwera mtunda mosathamanga n'komwe, manja m'thumba. Kenako tinangomva chitseko kuti phwa, injini n'kulira. Ine ndinaganiza kuti akuyandikiza galimoto. Alamu anga ndiwo anayamba kuzindikira, anangokhala pansi pa mwala, ndodo ili m'manja, osayankhula. Mnyamata uja anali atangobwera kumene pa visa ya ntchito, milomo ikunjenjemera, akundinong'oneza kuti achimwene, kodi izi zikafika ku Home Office, kumene amaona za ma visa? Ndikanamuyankha chiyani? Ma bailiff amenewa ali ndi mphamvu zolanda zida, zokusecha, ngakhale zokugwira, ndipo nkhani imatha kupita kwa procurator fiscal, woimira boma pa milandu. Kuwedza salmon popanda chilolezo cha mwini malo ndi mlandu paokha, kuwonjezapo wa Lamlunguwo. Amuna atatu akuda, titaima m'mtsinje wa eni ake ndi ndodo zoti si zathu, mwini wake atathawa. Chinatipulumutsa ndi foni imene inali m'thumba la pachifuwa. Ndinawaonetsa mauthenga onse a pa WhatsApp ndi umboni wa kubanki woti tinalipira. Anawerenga, anayang'anana, analemba mayina athu ndi ma adiresi, anatenga ndodo zija, n'kutichenjeza. Sanatichite chipongwe, zimenezo ndinene chilungamo. Koma ulendo wobwerera! Tinayenda m'mbali mwa msewu titavala ma waders, opanda nsapato, opanda jekete, magalimoto akuchepetsa liwiro kuti atione bwino. Mabasi a Lamlungu kumidzi ya ku Perthshire mukuwadziwa. Makiyi a nyumba ya alamu anga anapita ndi chikwama chija.

Munthu uja ndi mbava, palibenso dzina lina. Ankadziwa bwino lomwe zimene akuchita. Amasaka ife obwera chifukwa akudziwa kuti malamulo a mitsinje sitiwadziwa, ndiponso kuti tikaberedwa timaopa kupita kupolisi. Madzulo omwewo anali atatibuloka, peji atafufuta. Chimandipweteka mpaka lero si ndalama, ndi mnyamata uja, amene anakhala miyezi akudzidzimuka envelopu iliyonse ikagwa pachitseko. Nanga munthu wotani amathawa ndi nsapato za anzake?

Tsono mvetsani mmene zimayendera. Mtsinje kuno unagawidwa zigawo zimene amati ma beat, ndipo beat iliyonse ili ndi mwini wake. Chimene mumagula ndi malo a ndodo imodzi pa beat imeneyo pa tsiku limenelo, osati nsomba. Wokuperekezani weniweni amatchedwa ghillie, nthawi zambiri amalembedwa ntchito ndi mwini beat, ndipo dziwe lililonse amalidziwa ndi dzina. Laisensi ya boma ya ndodo, ija amagula ku England, kuno kulibe, choncho wina akakulipitsani ya laisensi dziwani kuti akudyerani. Chofunika ndi chilolezo cholembedwa cha mwini malo. Nyengo yowedza nayo ili ndi malire pa mtsinje uliwonse: Tay ndi 15 January mpaka 15 October, Spey 11 February mpaka 30 September, Tweed 1 February mpaka 30 November.

Za nsomba yotsimikizikazo ndi bodza lamkunkhuniza. Salmon ikachoka kunyanja kukwera mtsinje kukaswana, ngati mmene mpasa umakwerera mu Bua ku Nkhotakota, siidya. Imaluma nyambo ikafuna yokha, ndipo anthu amatha sabata yathunthu osagwira kanthu. Nsombazi zachepanso kwambiri, mu 2023 bungwe loona zachilengedwe la IUCN linaika salmon ya ku Britain m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotha. Ndiye musayembekeze ndiwo. Isanafike 1 April iliyonse yogwidwa imabwezedwa m'madzi mwalamulo, mitsinje yambiri ndi chaka chonse, ndipo ngakhale kumene lamulo limalola, eni ma beat ambiri amati bwezani. Kugulitsa yogwidwa ndi ndodo n'koletsedwanso. Bambo akajambulitsa nayo, ibwerere. Ija ya mapaundi 64 kulemera kwake, imene Georgina Ballantine anagwira pa Tay pomwepo mu 1922, ghillie aliyense adzakusimbirani, koma mpaka lero palibe waiposa ndi ndodo mu Britain muno.

Ine ndiye ndimati ma guide onsewa asiyeni, musapatse munthu ndalama kuti akuimikeni m'madzi ozizira. Komabe bambowo asapite okha, Tay ndi mtsinje waukulu ndipo umakoka, munthu wosaudziwa akhoza kupita nawo. Apeze ghillie. Mufunseni mkulu wanuyo dzina la beat, kenako imbirani eni beat mwachindunji muwafunse ngati akumudziwa. Akayamba kuzungulira, basi mwadziwa. Funsaninso ngati amapereka life jacket, komanso ngati ndalama imabwezedwa mtsinje ukasefukira, chifukwa ambiri sabweza. Mtengo ukatsika kwambiri thawani. Ngakhale zotchipa zoona ziliponso, ma angling club a m'matauni amagulitsa matikiti a tsiku pa mtengo wabwino, makamaka kumayambiriro kwa nyengo, kungoti kumazizira koopsa. Ghillie amapatsidwa kangachepe pamanja pomaliza, muikenso pa bajeti. Ine ndinadzapitanso Loweruka lina ndi ghillie weniweni cha ku Dunkeld, sindinagwire olo kamodzi, ndipo chaka chamawa ndikufuna ndipitenso. Alamu anga ukangotchula mtsinje amatuluka m'nyumba.

Nsapato ndi makiyi zisatsale m'galimoto ya munthu. Ndipo nditumizireni chithunzi cha nkhope ya mkulu wanuyo ku inbox ndimuone, chifukwa wathu uja tinamva kuti mayina amasintha.