Kodi njoka za m'mimba mwa galu ndi mphaka mungazione muli pakhomo?

Bambo wina wa ku Angónia wandifunsa kuti: "A alangizi, tiagalu tanga timadya bwino koma tikungoonda, mimba zokha ndiye ng'oma. Ndingatiyeze ndekha?" Mayi wina wa ku Tsangano akuti wapeza tinthu toyera ngati mpunga pomwe amagona mphaka wake.

Bambo, zambiri mungazione nokha. M'mawa galu akangodzithandiza, tolani kamtengo mufwanyule ndoweyo poyera. Mukaona njoka zoyera, zazitali ngati chala, nthawi zina zopindikapindika, ndi zomwe tiagalu timatenga tili m'mimba mwa mayi kapena poyamwa. Kenako kwezani mlomo wa kagaluko muone nkhama. Zikhale zofiirira. Zikayera mbee, ndowe nazo n'kukhala zakuda bii, kawirikawiri ndiye kuti muli tinjoka toyamwa magazi, ndipo kagalu kotero sikachedwa kufa. Mayi, mpunga mwauonawo ndi tizidutswa ta njoka yaphanthiphanthi. Mphaka amaitenga akameza utitiri podzinyambita kapena akadya mbewa, choncho utitiriwo muthane nawonso.

Koma ndowe ikaoneka yabwino musati galu ali bwino. Mazira a njoka saoneka ndi maso, amafuna maikulosikopu, makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndiponso satuluka tsiku lililonse. Tolani ndowe yatsopano pang'ono, kuvala jumbo kumanja, ikani m'kabotolo kotseka bwino ndipo funsani a zaziweto ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ziweto m'boma lanu, komwe angakuyezereni. Isagone padzuwa, ifike tsiku lomwelo.

Tiagalu musadikire kuyeza. Tiagaluto timwe mankhwala a njoka tikakwana masabata 2, kenako pakatha masabata 2 aliwonse mpaka masabata 12, ndiye kamodzi pamwezi mpaka miyezi 6. Galu wamkulu azimwa pakatha miyezi 3 iliyonse. Mankhwala otchedwa pyrantel kapena fenbendazole amapha njoka zazitali zija, koma yaphanthiphanthi imafuna praziquantel. Mlingo umayendera kulemera kwa chiweto, ndipo mankhwala a ng'ombe musamapatse mphaka mongoyerekeza.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Kuno ku Tete mbuzi ndi chuma chathu, koma tikapha mbuzi timaponyera galu mutu, chiwindi kapena mapapo okhala ndi zotupa zamadzi, aawisi. M'zotupamo muli ana a njoka. Amakulira m'matumbo mwa galu, galuyo amakasiya mazira pa msipu, mbuzi zina n'kudya. Mbuzi ija mumaiona ikuzungulirazungulira malo amodzi, mutu utapendekeka, kawirikawiri imakhala ndi chotupa chotere mu ubongo, ndipo gwero lake ndi galu, mwinanso wa pakhomo pomwepo. Mazira a mtundu wina amalowanso mwa munthu n'kumera chotupa m'chiwindi patapita zaka. Zam'kati zotere zitentheni kapena zikwirireni mozama, galu asafukule.

Ndowe ya galu pabwalo muziichotsa tsiku ndi tsiku n'kutaya m'chimbudzi. Ana amasewera pa dothi lomwelo opanda nsapato, ndipo timizere tofiira toyabwa, tokhotakhota pa phazi la mwana, nthawi zambiri ndi ana a tinjoka ta galu toyenda pansi pa khungu. Mukationa, mwanayo apite kuchipatala, inu muyambe ndi galu.