Yambani ndi PCB zisanu, ndalama za gulu pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambe kutolera ndalama zoitanitsira makiyibodi pamodzi kwa anzanu a ku Mzuni ndi ku Katoto poti kiyibodi ya 65% (yaing'ono, ya mabatani ochepa) mwamaliza kujambula. Dikirani kaye. Itanitsani PCB (bolodi la magetsi la m'kati mwa kiyibodi) zisanu zoyesera, fakitale ya JLCPCB imayambira pomwepo, ndipo mumange imodzi mpaka igwire ntchito ndi QMK, pulogalamu yoyendetsa kiyibodi.

Zolakwika zimabisala m'miyeso. Mabatani a mtundu wa MX amatalikirana 19.05 mm, bowo la pa plate (chimbale chogwira mabatani) ndi 14 mm, ndipo plate ikhale yokhuthala 1.5 mm. Ikapitirira, timano ta switch (kachipangizo kodinika ka batani) sitikola, switch imazuka pochotsa keycap, kachipewa ka batani. Batani lililonse likhale ndi diode yake ya 1N4148 (kachipangizo kodutsitsa magetsi mbali imodzi yokha), apo ayi mukadina atatu pamodzi pamatuluka chilembo chomwe simunakhudze. Pa USB-C musaiwale ma resistor (tizipangizo tochepetsa magetsi) awiri a 5.1k, pa timiyendo take ta CC1 ndi CC2. Akasowa, chingwe cha USB-A chimayatsa kiyibodi bwinobwino, koma cha C mbali zonse ziwiri, ziii.

Mtengo uwerengereni m'madola, kuphatikiza kutumiza ndi msonkho wa MRA. Kwacha inatsika ndi 44% mu Novembala 2023. Zoterezo zikakupezani musanalipire fakitale, zoperewerazo zidzachoka m'thumba mwanu. Pa oda yayikulu onjezerani PCB ziwiri kapena zitatu, chifukwa zina zimafika zakufa.